Thangata anatha liti, sala?

Lolemba m'mawa, ndisanaike n'komwe chikwama pansi, a hedi anandiitanitsa ku ofesi. "Aphunzitsi, Lachinayi ndi tchuthi cha Chilembwe. Inu a Histole mutikonzere kenakake pa asembule ya Lachitatu. Mphindi khumi basi, mvula ingatipeze panja." Ndikutuluka anawonjezera motsitsa mawu: "Koma zandale ayi." Ntchito imeneyi imagwera ine chaka ndi chaka, ndipo timachita zomwezomwezo. Mwana mmodzi alakatula ndakatulo yoti Chilembwe anali ngwazi, tiwomba m'manja, belu lilira, aliyense m'kalasi.

Ulendo uno ndinati ndiyambe ndaona zimene anawo akudziwa. Ndinasonkhetsa ndalama zamapepala kwa anzanga m'sitafu, poti pakati pa Januwale palibe mphunzitsi amene angapezeke nazo zonse m'thumba limodzi, n'kulowa nazo mu Fomu 3. Ndinkakweza pepala limodzilimodzi nditaphimba dzina ndi chala. K500, kalasi yonse inakuwa kuti Chilembwe. K1000, Kamuzu. Nditakweza K200 kunangoti zii. Ndinachotsa chala, mtsikana wa kutsogolo n'kuwerenga kuti Rose Chibambo, kenaka anafunsa ndi mtima woona: "Sala, anali mkazi wa ndani?" Pa K100 palibe anamudziwa James Sangala, mmodzi mwa amene anayambitsa Nyasaland African Congress mu 1944. Pa K50 mnyamata wina anati ndi mfumu ya Angoni, zomwe n'zoona, koma sankadziwa kuti Gomani II anachotsedwa pampando ndi atsamunda mu 1953 chifukwa cholimbana ndi chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland. Nkhope zimenezi amazigwira tsiku ndi tsiku, kuzipinda, kuzibisa m'sokosi. Sindinawadzudzule. Amene sanawaphunzitse ndi ine.

Lachiwiri ndinaika sikimu pambali. Ndinali ndi mapiriyodi awiri otsatizana ndipo ndinalemba mawu amodzi okha pa bolodi: thangata. Ndinawafunsa tanthauzo lake. Onse anati kuthandiza. Ndinawauza kuti n'chimodzimodzi mmene makolo ankawadziwira mawuwa, kuthandizana ntchito pamudzi, mpaka pamene eni minda achizungu anawatenga n'kuwapatsa ntchito ina. Munthu wokhala pa malo a esiteti ankayenera kugwira ntchito m'munda wa bwana m'malo mwa lendi, kwinaku boma likumufunanso msonkho wa nyumba. Miyezi yogwira ntchitoyo inkatalikitsidwa mmene bwana wafunira, ndiponso inkagwera nthawi ya dzinja, pamene munthu amafunika m'munda mwake. Ku Magomero, pa esiteti ya A.L. Bruce, kumene woyang'anira anali William Jervis Livingstone, ambiri mwa ogwira ntchito anali Alomwe ochokera ku Mozambique, anthu opanda kwina kothawira. Chikoti chinali pafupi. Timatchalitchi taudzu timene anthu a Chilembwe ankamanga pa malowo tinkatenthedwa.

Ndinawafotokozera za Chilembweyo mwachidule. Anagwira ntchito kwa mmishonale Joseph Booth, amene anapita naye ku America mu 1897. Anaphunzira zaubusa ku Lynchburg m'dera la Virginia, n'kubwerera mu 1900 kudzayambitsa Providence Industrial Mission (PIM) ku Mbombwe m'boma la Chiradzulu, kufupi ndi Magomero komweko. Kwa zaka zoposa khumi sanaukire boma. Ankamanga masukulu, kulimbikitsa ulimi, kuphunzitsa anthu kuvala mwaulemu, mkazi wake Ida akuphunzitsa amayi kusoka. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse itafika ku Karonga mu 1914, analemba kalata ku nyuzipepala ya Nyasaland Times kufunsa chifukwa chimene amphawi a kuno ayenera kufera nkhondo yosawakhudza n'kusiya amasiye, pamene olemera ndi eni minda ali phee. Boma linaitsekereza kalatayo.

Ndili pakati pofotokoza, mnyamata wina wa kumbuyo, amene chiyambire temu sanakwezepo mkono, anaimirira. "Sala, thangatayo anatha liti?" Ndinayamba kuyankha zam'buku, kuti anathetsedwa chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, ufulu uli pafupi. Iye sanakhale pansi. Anati bambo ake ndi tenanti pa esiteti ina ya fodya. Bwana amawapatsa chakudya, feteleza ndi mbewu pangongole, zonse n'kumalemba m'kope limene amasunga yekha. Banja lonse limagwira, amayi ake ndi azing'ono ake omwe, kuyambira ku nazale mpaka kumanga mabelo. Fodya akagulitsidwa, bwana amachotsera ngongole, ndipo chaka chathachi anawauza kuti iwo ndi amene atsala ndi ngongole. Kuchoka sangachoke. "Ndiye kusiyana kwake n'kotani, sala? Kapena n'kwakuti bwana wathuyu ndi wakuda?"

Kalasi inaseka, koma kuseka kwake kunali kwamanyazi. Ine choko chili m'manja, mawu anandithera. Zaka zonsezi ndakhala ndikuphunzitsa thangata ngati chinthu chimene chinakwiriridwa limodzi ndi atsamunda, pamene mwana amene akuchidziwa bwino kuposa ine wakhala pa desiki lakumbuyo. Ndinamuuza kuti funso lake ndi labwino kuposa yankho limene ndinali nalo, ndipo tidzabwererako Lachisanu. Belu linandipulumutsa.

Pa buleki nkhaniyi inafika m'sitafu, ndipo mnzanga amene amaphunzitsa za Baibulo anandiyamba. "Achimwene, inu mumamukometsa Chilembwe. Mbusa wanji wolalikira pafupi ndi mutu wa munthu?" Sankanama. Usiku wa Loweruka pa 23 Januwale 1915, anthu a Chilembwe anapha azungu atatu, ndipo mutu wa Livingstone anaudula n'kupita nawo ku Mbombwe, kumene Chilembwe anachititsa mapemphero m'mawa mwake uli pomwepo. Ndinamuyankha kuti zimenezo ndimawauza ana, sindibisa. Koma ndimawauzanso kuti akazi ndi ana a azunguwo sanaphedwe, kuti gulu limene linapita kukalanda mfuti ku Mandala mu Blantyre linabwerako ndi zochepa, kuti Chilembwe anawomberedwa pa 3 Febuluwale cha ku Mulanje, kuti pambuyo pake boma linapha anthu pafupifupi 40 n'kutsekera ena pafupifupi 300, ndipo tchalitchi chake chanjerwa anachiphulitsa. Mnzangayo anati magazi ndi magazi. Sitinagwirizane, ndipo sindikuganiza kuti tiyenera kutero. Chimene ndimakana ine n'kumusandutsa munthuyo mngelo wopanda mkwiyo, chifukwa ukachotsa mkwiyowo wachotsanso chimene chinamukwiyitsa.

Madzulo ake ndinatsala ndi ana asanu kukonzekera asembule. Ndakatulo tinaisiya. Tinagwirizana kuti aliyense anyamule pepala la ndalama, anene amene ali pamenepo ndi chimene ankalimbana nacho, m'ziganizo zinayi. Mtsikana uja anasankha yekha K200. Ndinamupatsa zoti awerenge, ndipo Lachitatu m'mawa anabwera maso ali gwa. Anali atapeza kuti Rose Chibambo ndi amene anasonkhanitsa amayi mu Congress, kuti atsamunda atalengeza lamulo ladzidzidzi pa 3 Malichi 1959, tsiku limene asilikali anawombera anthu pa doko la Nkhata Bay, iye anali woyembekezera, ndipo atangochira anamutengera kundende ya Zomba ndi khanda m'manja. "Koma sala, apa akuti anakhala ku Zambia zaka 30. Azungu anali atapita. Anamuthamangitsa ndani?"

Apa ndi pamene chenjezo la a hedi linandibwerera m'mutu. Yankho lake aliyense wamkulu akulidziwa. Mu 1964, patangopita miyezi iwiri chilandirireni ufulu, Kamuzu anasemphana ndi nduna zake, ndipo anthu amene anamuitana kuti abwere kudzatsogolera nkhondo yolimbana ndi chitaganya, a Masauko Chipembere ndi a Kanyama Chiume, anathera kunja. Yatuta Chisiza anaphedwa mu 1967. Orton Chirwa, amene anayambitsa Malawi Congress Party mu 1959 Kamuzu ali m'ndende ku Gwelo, anafera m'ndende ya Zomba mu 1992, ndende yomwe ija atsamunda anatsekeramo Rose Chibambo. Kodi zimenezi ndi ndale kapena ndi histole? Ndinamuuza mtsikanayo kuti anene zoona, mwaulemu, osawonjezera. Pa asembule anaima n'kunena kuti mayiyu anamangidwa ndi boma la atsamunda, kenaka anathamangitsidwa ndi boma la dziko limene analimenyera. Ndinayang'ana a hedi. Anayang'ana kumwamba ngati akuona mitambo. Tinatha mphindi makumi awiri m'malo mwa khumi, mvula n'kutiwaza pang'ono, ndipo nkhaniyo sanaitchulenso.

Lachinayi, tsiku la tchuthi lenilenilo, ndinalithera pa mphasa ndi makope 87 ochonga, wailesi ili pambali. Ku PIM kunali mapemphero monga mwa chaka chilichonse, akuluakulu akusinthana kunena kuti titengere chitsanzo cha Chilembwe. Chitsanzo chake chiti, sanatchule. Sindikunyoza mwambowo. Mishoniyo inakhala yotseka mpaka 1926 pamene Dr Daniel Malikebu anadzaitsegulanso, ndipo kwa zaka zambiri dzina la Chilembwe linkatchulidwa monong'ona, choncho kuti lero lili ndi tsiku lake si chinthu chaching'ono. Ngakhale ku London, mu 2022, anaimika chiboliboli chake pa Trafalgar Square, chopangidwa ndi Mmalawi, Samson Kambalu, Chilembwe atavala chipewa pafupi ndi mzungu, chinthu chimene wakuda sankaloledwa nthawi imeneyo. Koma chipewa n'chosavuta kuchilemekeza lero, poti palibe amene chimamutayitsa kanthu. Za malo ndi malipiro n'zimene zimavuta kuzitchula pa maikolofoni, chifukwa ena mwa okhala pa mipando yakutsogolo ali ndi maesiteti awo.

Madzulo ndinagula bandulo n'kuyamba kufufuza yankho la mnyamata uja. Ndinapeza kuti mu 2021 Nyumba ya Malamulo inasintha lamulo la zolemba anthu ntchito n'kuletsa utenanti. Pa pepala, zimene akuchitiridwa bambo akewo n'zoletsedwa, ndipo munthu wolima fodya wa mwini esiteti ayenera kulembedwa ntchito n'kumalandira malipiro. Ndinakopera mfundozo m'Chichewa pa tsamba limodzi, ndi malangizo oti madandaulo otere amapita ku ofesi ya zantchito ya pa boma.

Lachisanu ndinalowa m'kalasi ndili wokonzeka. Ndinabwezera funso lija ku kalasi yonse, ndipo anakangana piriyodi yathunthu ine ndili chete. Ena anati kusiyana kulipo, chifukwa lero kuli khoti, kuli voti, palibe angakukwapule poyera. Wina anati khoti ndi la amene ali ndi thiransipoti yofikirako. Mtsikana wa K200 anati agogo ake amanena kuti malo abwino onse kwawo anapita ku tiyi kalekale ndipo sanabwerere, anthu akulima m'mapiri. Aka kanali koyamba kuona ana amenewa akukangana za histole osafunsa ngati zibwera pa mayeso.

Ataweruka ndinamuitana mnyamata uja pambali n'kumupatsa tsamba lija. Analiwerenga kawiri, pang'onopang'ono, n'kulipinda bwinobwino. Anati bambo ake sadziwa kuwerenga, koma akawawerengera akapita kumapeto a mwezi. Kenaka anafunsa: "Sala, akakadandaula bwana n'kuwathamangitsa fodya asanagulitsidwe, fizi yanga alipira ndani?" Ndinamuuza kuti asawakakamize kuchita chilichonse msanga, ayambe angolemba m'kope lawolawo chilichonse chimene akulandira kwa bwana, ndi tsiku lake, kuti pofika nthawi yowerengera pasakhale kope limodzi lokha. Ndinatsegula kabati n'kumupatsa kope latsopano pa amene anatsala temu yatha. Analemba dzina la bambo ake pachikuto ali chiimire, n'kufunsa ngati ndingamubwereke cholembera chofiira cholembera ngongole.