Ulendo wa ku Afriski: kalata ya galimoto inatidyera tsiku lathunthu

Abale anga a ku Joni amene mwakhala mukundifunsa za ulendo wokasewera pachipale chofewa ku Lesotho, ndiyambira pomwe panandiwawa. Ngati galimoto yomwe mukupita nayo ndi ya hayala, kapena ndi yanu koma mukadabweza ngongole yake kubanki, musanyamuke opanda kalata yoilola kutuluka mu South Africa. Kalatayo ikhale yapepala, m'manja mwanu, ndipo nambala yolembedwamo ifanane ndi nambala yomwe ili pagalimotoyo. Imirirani kutsogolo kwa galimoto, kalata m'manja, muwerenge chilembo chimodzichimodzi musanachoke pakampaniyo.

Afriski, malo osewererako pachipale chofewawo, ili kumapiri a Maluti, kumpoto kwa Lesotho, pafupi ndi Mahlasela Pass. Nyengo yake ndi June mpaka August. Kuchokera ku Johannesburg mumatsika ndi msewu wa N3, n'kukhotera ku Bethlehem, kenako Fouriesburg, ndipo boda ya Caledonspoort ili pomwepo, makilomita ochepa chabe. Mukawoloka mumafika ku Butha-Buthe n'kuyamba kukwera msewu wa A1. Zonse zikayenda bwino ndi ulendo wa maola asanu kapena kupitirira pang'ono. Ife sizinatiyendere choncho.

Tinali ine, akazi anga, ndi alamu anga omwe ndiwo anayambitsa nkhani yonseyi. Galimoto tinabukitsa kukampani ina yobwereketsa magalimoto kudakali milungu ingapo, ndipo tinanena poyera kuti tikupita ku Lesotho. Anatilipiritsa ndalama yapadera ya kalatayo, tinalipira osanyinyirika. Lachisanu madzulo titapita kukatenga galimoto, mnyamata wapakauntala anati yomwe tinabukitsa sinabwerere, ndiye atipatsa ina yaikulupo pamtengo womwewo. Anatipatsa makiyi ndi envelopu yomata kale, nati zonse zili momwemo, ulendo wabwino.

Mawa lake masana, paboda, wapolisi anatsegula envelopuyo. Anayang'ana kalata, anazungulira kutsogolo kwa galimoto, anayang'ananso kalata, n'kundibwezera. Nambala inali ya galimoto yoyamba ija, yomwe sitinaioneko n'komwe. Wapolisiyo ndilibe naye chifukwa. Anagwira ntchito yake, ndipo analankhula nafe mwaulemu: galimoto zobedwa zimatulukira m'maboda momwemu, iyeyo sangatulutse galimoto yomwe pepala lake likunena ina.

Amene anandiphikitsa mtima ndi akampani. Nthambi yomwe tinatengako galimoto inali itatseka kale, poti linali Loweruka masana. Nambala yawo ya anthu ovutika panjira inkangoimba nyimbo. Atayankha, mayi wina anati iwo amathandiza galimoto ikawonongeka kapena ikachita ngozi, za makalata ndi za kunthambi. Ndinati nthambi yatseka. Anati ndiimbe Lolemba. Ndinawakumbutsa kuti Lolembalo ndi tsiku lobweza galimoto. Anati andilumikiza ndi mkulu wawo, foni n'kuduka. Ndinaimbanso, kuyambiranso nkhani yonse kwa munthu wina, kutchulanso nambala ya buking'i, dzina, tsiku lobadwa. Uku ndalama ya mufoni ikutha, mphepo ikulowa m'mafupa, alamu anga ali phee m'galimoto poti chipinda cha kuphiri ndi matikiti a tsikulo anali atalipira okha, ndipo ndalamazo sizibwerera chifukwa choti munthu wachedwa panjira.

Mapeto ake munthu wina wa kunthambi yawo ya pabwalo la ndege anati kalata yatsopano ingalembedwe, koma woyenera kusainira abwera mawa m'mawa. Tinabwerera ku Fouriesburg kukasaka pogona, kulipira chipinda chachiwiri usiku womwewo pomwe china chili chopanda munthu kuphiri. Kalata inafika pa imelo Lamulungu dzuwa litakwera kale. Mayi wa pamalo ogonapo anatichitira chifundo, anatipulintira muofesi yawo. Kuwoloka boda kwenikweniko, pepala litakhala bwino, kunangotenga kanthawi kochepa: chidindo mbali ya South Africa, chidindo mbali ya Lesotho, kulipira kandalama ka msewu, basi. Pasipoti ya Malawi sinafune viza. Kandalamako sungirani m'thumba, musadalire khadi. Rand imayenda ku Lesotho mofanana mphamvu ndi loti, ndalama yawo.

Ndisanaiwale, inu amene mapepala anu okhalira ku South Africa sali bwino kapena atsala pang'ono kutha, ulendo uwu si wanu. Lesotho ndi dziko lina, ngakhale lazunguliridwa ndi South Africa mbali zonse. Mukatuluka, pobwerera mukulowanso mwatsopano, ndipo adzayang'ana pemiti yanu. Bodanso ya Caledonspoort imatseka usiku, si ngati ya Maseru Bridge yomwe imagwira usana ndi usiku.

Thirani mafuta ku Fouriesburg kapena ku Butha-Buthe mpaka thanki idzaze, chifukwa kutsogoloko ndi phiri lokhalokha. Mtunda wotsala ndi pafupifupi makilomita 80 okha koma musaupeputse. Moteng Pass imakwera kupitirira mamita 2,800, makona ake ndi okhota mochita kubwerera mmbuyo, ndipo msewu womwewo mumadutsa malole opita kumgodi wa dayamondi wa Letšeng. Pamalo pomwe dzuwa silifika pamakhala madzi oundana pa tala, osaoneka, umangomva chiwongolero chapepuka. Yendani masana. Mudzakumana ndi abusa atafunda mabulangeti awo, nkhope yonse yobisika m'chipewa chaubweya kungotsala maso, nkhosa zili mumsewu zosapupuluma. Chipale chikagwa chambiri msewuwu umatsekeka, choncho funsani za nyengo musanakwere.

Kumtundako muli pamwamba kuposa Sapitwa wa ku Mulanje, yemwe ndi mamita 3,002, ndipo pamwamba pa Mahlasela ndi 3,222. Thupi limadziwa. Kungoyenda kuchokera poimika galimoto kukafika pomwe amabwereketsa zida ndinali wefuwefu, mutu ukugunda. Imwani madzi ambiri, mowa muusiye kaye tsiku loyamba.

Musayembekezere kuona mapiri onse ali mbee. Nthawi zambiri mapiri amakhala a udzu wouma, ndipo pakati pake pali mzere umodzi woyera, wautali pafupifupi kilomita imodzi. Chipale chambiri ndi chopanga okha ndi makina omwe amapopera madzi usiku kukazizira kwambiri. Akazi anga anakhumudwa poyamba, koma choterera n'choterera, ndipo ukagwapo chimapweteka chimodzimodzi.

Pobwereka zida amakufunsa saizi ya nsapato, msinkhu ndi kulemera kwako. Nenani zoona pa kulemerako, chifukwa amatengera pomwepo pomanga zogwirira jombo pa ma ski, timatabwa titalitali totsetserekera pachipale, kuti mukagwa zimasuke mwendo usanapotoke. Jombozo n'zolimba, zolemera, bondo limakhala lopindikira kutsogolo, kuyenda nazo pamasitepe ndi ntchito payokha. Valani sokosi peyala imodzi yaitali. Alamu anga anavala atatu poopa kuzizira, zala zinachita dzanzi, anabwerera kukavula. Jinzi isiyeni kunyumba, ikanyowa imauma gwa ndi chisanu. Magolovesi osalowa madzi gulani ku Joni komweko, ndipo mutenge magalasi adzuwa ndi mafuta oteteza khungu. Inde, ngakhale ife akhungu lakuda: dzuwa la kumtunda likamenya pachipale limabwerera kumaso, milomo imang'ambika.

Lipirani mphunzitsi, musanyengedwe ndi mavidiyo a pa YouTube. Chinthu choyamba chomwe amakuphunzitsa ndi kuima: nsonga za ma ski kuyandikana kutsogolo, zidendene kukankhira kunja. Ukangoiwala n'kuwongola mapazi, wapita. Ana aang'ono ankatidutsa ali fyuu, ife akuluakulu tili chagada. Chokokera anthu kumtunda ndi chitsulo chopingasa chomwe chimakugwira kumbuyo kwa ntchafu n'kumakukoka uli chiimire. Si mpando. Ukakhalira, chimatsika nawe pansi, ndipo amene ali kumbuyo kwako akugwera. Amene safuna zonsezi angathe kungotsetsereka atakhala pansi pa kapulasitiki, ndipo kunena zoona ndi amene ankaseka kwambiri.

Ife zonsezi tinazichita mothamanga m'maola ochepa a Lamulungu masana, nthawi yomwe chipale chafewa ndi dzuwa ndipo anthu adzadza. Chabwino ndi cha m'mawa, atangochisalaza. Ndicho tinalipirira, ndicho sitinachione, chifukwa cha munthu yemwe anasintha galimoto osasintha pepala. Pobweza galimoto ndinapempha kuti andibwezere ndalama ya kalata ndi ya chipinda cha ku Fouriesburg. Anandipatsa fomu. Kenako anafuna malisiti. Nditatumiza anati nkhaniyo ili kulikulu, ndipo mpaka pano idakali kulikulu konko. Ndiye ndikubwereza: akakusinthirani galimoto, ngakhale akumwetulira kuti akupatsani yaikulu, tsegulani envelopu pomwepo pakauntala. Ngati mungathe, tengani galimoto Lachinayi kapena Lachisanu m'mawa, maofesi akadali otsegula.

Potsika Moteng gwiritsani giya yaing'ono, musapondereze mabuleki njira yonse, amatentha n'kusiya kugwira. Ngati galimoto yagona kumtunda, m'mawa galasi limakhala litaundana. Lipaleni ndi khadi yakale, madzi otentha angaliswe. Chenji cha maloti chomwe akubwezerani m'masitolo muchithere ku Butha-Buthe, mugule mafuta kapena chakudya, chifukwa mukangowoloka boda masitolo a ku South Africa sachilandira.