Ng'ombe 600 za ku Mufakose

Ndine kalaliki pa nyumba ina yosungira feteleza ku Msasa, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe. Okutobala akangofika, mitengo ya jakaranda itachita maluwa m'tauni, ine ndimasanduka katundu wa kampani. Alimi onse amafuna feteleza wa Compound D mvula isanagwe, mathiraki amachoka ku Beira kudzera pa chipata cha Forbes cha m'malire a Mozambique ndi Zimbabwe usiku ndi usana, ndipo bwana wanga sadziwa kuti pa kalendala pali Loweruka ndi Lamlungu. Nzeru yanga inali yogula kachomvera kopanda chingwe ku mashopu a ku Gulf m'tauni, koika m'khutu, kuti ndizikhala ndi banja kwinaku ntchito ikuyenda. Khutu lamanja la bwana, lamanzere la abale.

Loweruka lina kunabwera anthu odzalipira malowolo a mwana wa achemwali anga ku Mufakose, dera lina la mu Harare momwemo. Kwathu ku Dedza, komwe agogo anachoka nthawi ya Chitaganya m'zaka za m'ma 1950, za malowolo kulibe, mwamuna amangopita chikamwini. Koma mkamwini wathu ndi Mshona wa ku Murehwa, ndipo kuno mwana wamkazi ukam'pereka ulere anthu amafunsa kuti walakwa chiyani. Akuluakulu anagwirizana kuti titsate za kuno, kungoti woyankhula akhale malume, mwini mbumba. Ineyo.

Tikutsika kombi, mayi a kunyumba anati, "Abambo, foniyo ndipatseni ndiike m'chikwama."

"Ndaitseka mawu," ndinatero, n'kukokera chipewa chaubweya mpaka kukhutu. Dzuwa la Okutobala limenelo, ine chipewa chaubweya. Anandiyang'ana nthawi yaitali, osanena kanthu.

Zinthu zinayamba bwino. Amuna pa mipando, amayi pa mphasa, mbale yamatabwa pakati. Mkhalapakati wawo, mdala wa jekete yotuwa yomangidwa mabatani onse, ankati akafuna kuyankhula amagwada, kuwomba m'manja, kenako n'kuika madola m'mbalemo mosamala, limodzilimodzi. Ndalama yotsegulira pakamwa inalowa. Zakudya za pa mndandanda, shuga, mafuta ophikira, mpunga, tinaziwerenga zinakwana. Pa ng'ombe yopita kwa amayi a mtsikana panalibe kulimbana, imeneyo aliyense amadziwa kuti siikambidwa mtengo.

Titafika pa ng'ombe za khola, m'khutu mwanga munalira. Dalaivala wathu, mnyamata wa ku Mangochi, akuti ali pa Marondera, koma pepala lake likuonetsa matumba 580. Thiraki ya matani 30, matumba a makilogalamu 50, amayenera kukhala 600. Makumi awiriwo akasowa amadula malipiro a kalaliki. Magazi anandithamangira kumutu, ndipo nthawi yomweyo mdala uja anali atagwada, akufunsa mwaulemu kuti a kuchikazi akufuna ng'ombe zingati.

"Ndati 600!" ndinakuwa. "Osachotsapo! Ndipo zonse ndizione pageti lero lino dzuwa lisanalowe, apo ayi ndiitana apolisi!"

Tsoka lake manambala tonsefe timatchula m'Chingerezi, ndipo mawu oti apolisi safuna womasulira. Manja a mdala uja anaima m'malere asanawombane. Azakhali ake a mkamwini anagwira pamtima. Kuchipinda kunamveka kulira kwa mwana wa achemwali anga, amene ankamvetsera pa chitseko. Chimene chinandipweteka kwambiri n'chakuti alamu anga, bambo a mwanayo, amene anangokhala duu kuyambira m'mawa, nkhope yawo inawala. Anayamba kugwedeza mutu movomereza, akuwerenga zala.

Ine osadziwa kanthu, ndikupitiriza: "Zonyowa sindilandira, zong'ambika sindilandira."

Mayi a kunyumba anadzuka pa mphasa, anayenda chogwada monga mwa ulemu wake, anafika pa ine n'kundivula chipewa pamaso pa anthu onse. Anazula kachomvera kaja n'kukaponya m'mbale ya malowolo. Mawu a dalaivala ankamveka kuchokera pakati pa madola: "Halo, achimwene? Halo?"

Kuseka kunayambira kwa amayi a pa mphasa mpaka kunja kwa ophika nsima. Mdala uja atapukuta misozi ananena kuti kwawo munthu woopseza alendo amalipa. Ndinalipa madola 20, ndipo ine ndi malume oyamba m'banja mwathu kutuluka pa malowolo ali ndi ngongole. Ng'ombe tinagwirizana zisanu ndi zitatu. Alamu anga mpaka lero amati ndinagonja msanga.

Kunyumba kunakhazikitsidwa lamulo. Abale ali ndi nambala yawo pa kafoni kamabatani. Foni yantchito, ikangokwana 1 koloko Loweruka, imakulungidwa m'pepala la pulasitiki n'kukwiriridwa mu ndowa ya ufa, ndipo woifukula ndi amene akuphika phala Lolemba. Bwana ndinawauza kuti thiraki yofika Lamlungu izilandiridwa mosinthana, ndipo anavomera mosavuta, moti ndinadabwa kuti ndinkaopa chiyani. Matumba 20 aja dalaivala anawapeza pa tsamba lachiwiri.

Pulasitikiyo inabooka sabata ina, ufa n'kulowa mu sipika. Bwana akuti ndikamayankhula ndimamveka ngati ndili m'chitsime, ndiye ngakhale pakati pa sabata masiku ano amangolemba uthenga.