Babu la achimwene latiyankhula

Lachiwiri, ku Kasungu.

Katoni ija anatumiza achimwene kuchokera ku Joni ndaimasula lero m'mawa. M'katimo munali babu, koma lachilendo: kumunsi kwake kuli kadiso ka kamera kotembenuka kokha, m'mbali kasipika ndi polowetsa memori khadi. Akuti tilipachike pakhonde loyang'ana kuchipinda chosungiramo soya, kuti matumba awo 40 aziwaona okha ali ku Johannesburg komweko. Kaya ndi akuba sakuwakhulupirira, kaya ndi ifeyo, sindinafunse.

Kompyuta siifunika ayi. Umangolipotokola pamalo pa babu lakale, n'kutsitsa app pafoni, n'kulionetsa kachizindikiro ka QR, lokha n'kugwira Wi-Fi. Pamenepo mpamene ndinatuluka thukuta. Ola lathunthu likungophethira kofiira, osalumikizika. Kufufuza bwino, hotspot ya foni yanga, Wi-Fi imene foniyo imagawa, inali pa mafunde a 5 GHz, pamene tizipangizo tambiri totere timangomva 2.4 GHz basi. Nditasintha, linazungulira kamodzi n'kundiyang'ana m'maso. Kenaka ndinalisamutsira pa MiFi, kabokosi kogawa intaneti m'nyumba.

Pasiwedi inali "admin". Ndinaisintha pompo, chifukwa sindinaiwale za Mirai, kavairasi kamene mu 2016 kanalanda makamera ndi marauta a intaneti miyandamiyanda amene eni ake anasiya pasiwedi ya kufakitale, mpaka Twitter ndi Netflix zinavuta kutsegula ku America. Zithunzi za babuli zimayamba zapita ku makompyuta a kampani kunja kwa dziko, ndiye n'kutsikira pafoni ya achimwene. Khonde lathu likuyenda ulendo woposa umene ine ndinayendapo.

Masana amayi anali pakhondepo akupeta chimanga. Mwadzidzidzi kudenga kunamveka mawu: "Amayi, mwaswera bwanji?" Lichero linagwa, nkhuku n'kupeza phwando.

"Iwe, ukuyankhulira kuti?"

"Ndili kuntchito, amayi. Ndikukuonanitu. Bwanji simunavale juzi ndinakutumizirani ija?"

Anaseka mpaka misozi, nacheza ndi mwana wawo kwa mphindi khumi maso ali kudenga ngati akupemphera. Zinandikhudza, osanama: patha zaka zitatu asanaonane. Koma atatha anandinong'oneza, "Ndiye kuti akundiona ndilibe mpango kumutu? Nanga ndikamakalipira adzukulu akumvanso?" Ndinati inde. Anangoti chete.

Bandulo ndiye ikutha ngati madzi a m'chidebe chobooka, poti achimwene akangopuma kuntchito akutsegula. Wogula ndine, nkhani imeneyo sitinaikambirane. Cha m'ma 5 koloko magetsi anazima, babu n'kukhala khungu limodzi ndi MiFi yomwe. Wakuba wanzeru angodikira nthawi ngati imeneyo.

Atayaka cha m'ma 8, foni inalira pa WhatsApp. "Aphwanga, kamera yawonongeka kale? Ndikungoona maluwa okhaokha."

Ndinatuluka kukaona. Amayi alikulunga ndi chitenje chawo cha kumvano, n'kumanga mfundo ziwiri.