Zolemba za Shay No. 5 ya ku Cass: tafika pa boyila

Gawo lino likukhudza boyila, koma tiyambe ndi mbiri pang'ono kwa amene angoyamba kutsatira. Shay No. 5 ndi injini ya sitima yoyendera nthunzi, ndipo boyila ndiye thanki yake yowiritsira madzi. Inapangidwa mu 1905 ku Lima, m'chigawo cha Ohio ku America, ndipo inapita ku Cass, West Virginia, kukatsitsa mitengo ya spruce kuchokera m'phiri la Cheat. Tawuni ya Cass inamangidwa ndi West Virginia Pulp and Paper Company. Mu 1942 ntchitoyo inagulidwa ndi Mower Lumber Company, yomwe inatseka mu 1960. Njanjiyo ikanazulidwa n'kugulitsidwa ngati zitsulo zakutha, koma boma la West Virginia linaigula, ndipo mu 1963 sitima zonyamula alendo zinayamba kuyenda. Mpaka lero No. 5 imakwera phiri lomwelo.

Injini za mtunduwu zinachokera m'mutu wa Ephraim Shay, wodula mitengo wa ku Michigan, amene analembetsa luso lake mu 1881. Masilinda atatu ali choimirira kumanja, boyila anaikankhira kumanzere kuti kulemera kufanane. Masilindawo amazunguza shafiti yaitali yodutsa m'mbali, ndipo shafitiyo imapereka mphamvu ku mawilo onse kudzera m'magiya. Motero gudumu lililonse limakoka. Liwiro ndiye mulibe, wanjinga akhoza kuipitirira, koma imakwera malo amene njanji imatukuka mamita 11 pa mamita 100 alionse, monga zilili pa njira ya makilomita pafupifupi 18 yopita pamwamba pa phiri, pamalo otchedwa Bald Knob.

Alendo amathamangira kujambula magiyawo. Kwa osamalira injini, magiya si nkhani yosowetsa tulo: mano akatha amapanga ena, ndipo chachikulu n'kupaka girisi pafupipafupi chifukwa ali pamtetete, amadya fumbi, mchenga ndi phulusa. Chimene chimagamula ngati injini iyende kapena ikhale yongoonetsa ndi boyila.

Malamulo a Federal Railroad Administration, bungwe la boma la America loyang'anira njanji, amawerenga masiku amene boyila yakhala ndi moto ndi nthunzi, osati a pa kalendala okha. Akakwana 31, amatsegula zitseko zotsukira n'kuthira madzi amphamvu kuchotsa matope ndi zokakamira za m'madzi. Zokakamirazi zikaunjikana pa chitsulo cha chipinda cha moto, kutentha sikufika bwino ku madzi, chitsulocho chimapsa n'kufufuma. Nthawi yomweyo amayesa ma staybolt. Awa ndi mabawuti mazanamazana amene amagwira khoma la mkati la chipinda cha moto ndi khoma la kunja, pakati pake pali madzi. Mmisiri amawagogoda ndi nyundo limodzilimodzi, khutu lili tcheru: lathunthu limalira mosiyana ndi lothyoka. Ambiri amathyokera pafupi ndi khoma la kunja, chifukwa la mkati limatanuka kwambiri likatentha ndipo bawutilo limapindika uku ndi uku pa kusonkha kulikonse. N'chifukwa chake amaboola kabowo pakati pa bawuti, kuti likathyoka madzi kapena nthunzi zituluke n'kuulula. Kabowoko kakatsekeka ndi dzimbiri, chenjezo latha, ndiye kamayenera kutsegulidwa. Mabawuti awiri akathyoka motalikirana mainchesi osapitirira 24, kapena othyoka akapitirira 4 m'chipinda chonse, injini imaima.

Chaka chilichonse pali kuyesa ndi madzi. Amadzaza boyila mpaka mpweya wonse utuluke, n'kupopa kufika 25 peresenti pamwamba pa puresha imene imaloledwa pa ntchito. Madziwo akhale ofunda, chifukwa chitsulo chakale chozizira sichichedwa kung'aluka. Amagwiritsa ntchito madzi osati nthunzi popeza madzi sapanikizika, pakapezeka pofooka amangodontha, saphulika.

Ntchito yoboola m'thumba imabwera pa masiku 1,472 a moto kapena zaka 15, chimene chayamba kukwana. Amachotsa chikuto ndi zotchingira kutentha, amazula mapaipi a utsi, munthu n'kulowa mkati. Chitsulo chonse amachijambula mabokosimabokosi ndi kuyeza kuchindikala kwake ndi makina a ultrasound, kenako amawerengera kuti mbali iliyonse ipirire kanayi puresha ya pa ntchito. Pamene papyapyala amadulapo n'kuikapo chigamba, apo ayi amatsitsa puresha yololedwa, injini n'kuchepa mphamvu.

Ku Cass kuli vuto lina lochokera ku phirilo. Njanji ili ndi malo awiri amene sitima imaima n'kubwerera chammbuyo kuti ipitirize kukwera. Ikatero, boyila imapendekera mbali ina ndipo madzi amathamangira kutsogolo kapena kumbuyo. Denga la chipinda cha moto likangokhala pouma kwa mphindi zochepa limafewa n'kuvuka pa mabawuti ake, ndipo kuphulika kwa maboyila ambiri kunkayamba motero. Wosonkha moto amawonjezera madzi asanafike pamalopo, maso ali pa galasi loonetsa mulingo, ndipo galasilo amalipemerera ndi nthunzi tsiku lililonse kuti lisaname.

Gawo lotsatira tidzaona Shay No. 6, injini yomaliza ya mtunduwu kupangidwa ku Lima, mu 1945, yolemera matani 162, imene nayonso ili ku Cass.