Ng'azi ya ku Lumphini

Ku Bangkok, likulu la dziko la Thailand, ine ndinapita ngati chikwama. Azakhali anga ali ndi shopu ya zovala ku Limbe, ndipo katundu wawo amakapikula ku Pratunam, msika waukulu wa zovala umene ukangoyendamo pang'ono umakumana ndi amayi a ku Nigeria, a ku Kenya, a ku Zambia, aliyense akukoka chisaka chachikulu kuposa mwini wake. Chaka cha 2023 msana unayamba kuwavuta. Anakhala pansi ndi kakyuleta n'kupeza kuti kundigulira tikiti kuli ndi phindu kusiyana ndi kulipira makilo owonjezera pandege. Anangondiimbira foni n'kunena kuti, "Iwe, uli ndi manja awiri komanso makilo ako aulere. Tiye."

Masiku atatu ndinasenza madiresi, majinzi ndi nsapato za ana. Tsiku lachinayi ndege yathu inali yonyamuka pakati pa usiku, ndiye azakhali anati agona kaye kuti msana upume. Anatulutsa ma baht 500, ndalama za kumeneko, m'kachikwama ka pachifuwa n'kundipatsa.

"Pita ukaone mzinda. Chenji ubweze."

Chenji! Pakhomo pokha pa nyumba yachifumu ya Grand Palace mlendo amalipira 500 yomweyo. Koma ine ndinakulira ku Ndirande, kumene mwana amatha kukhuta ndi fungo la chipisi cha mnzake, choncho ndinalumbira kuti mzindawu ndiuona ndipo chenji ndibweza. Ndinavala kabudula chifukwa cha kutentha, n'kutenga kabuku kanga kolembamo mawu a Chithai. Patsamba loyamba panali moni amene ndinamva azakhali akupereka kwa ogulitsa masiku onse atatu: "sawasdee kha", uku manja utawaphatikiza pachifuwa ngati ukupemphera.

Njira yotchipa yochokera ku Pratunam kupita kumzinda wakale ndi boti la mu ngalande ya Saen Saep. Mtengo wake sufika n'komwe pa mtengo wa botolo la fanta. Botilo siliima kwenikweni. Limangogunda pa matayala a padoko, iwe udumphiremo, kondakitala wovala chipewa cha njinga yamoto akuyenda m'mphepete mwa boti atagwira chingwe, akutolera makobidi ngati ali pamsewu wa tala. Madzi a mu ngalandemo ndi akuda bii, fungo lake ngati Mudi nyengo ya dzuwa. Ndinaona anzanga akukoka chingwe kuti pulasitiki ya m'mbali ikwere, ine n'kumati anthu awa bwanji akubisa malo okongola. Boti lina litadutsa ndi pamene ndinadziwa ntchito ya pulasitiki ija. Ndinali nditayasamula.

Kumapeto kwa ngalandeyo ndinatsikira pafupi ndi kachisi wa Wat Saket, amene ali pa kaphiri kochita kumanga ndi manja. Masitepe ake ndi 344, koma ndi afupiafupi, ngakhale agogo angakwere akucheza. M'njira muli mabelu ambirimbiri oti aliyense aziliza, ndipo ukafika pamwamba mzinda wonse uli pansi pako, madenga ofiira a akachisi mbali iyi, nyumba zazitali zagalasi mbali iyo. Mayi wogulitsa matikiti ndinamupatsa moni wanga wa patsamba loyamba. Anaseka mpaka kugwira pakamwa, n'kuitana mnzake kuti ndibwereze. Ndinabwereza mokweza. Mumtima ndinati Amalawi timakondedwa kulikonse.

Kuchoka apo ndinayenda wapansi kulowera ku Wat Pho, kumene kuli chifaniziro cha Buddha wogona. Ndili pafupi kufika, bambo wina wovala shati yosita bwino anandiimitsa. Anandifunsa kumene ndachokera, ndipo nditati Malawi anagwedeza mutu ngati ali ndi abale ku Dedza. Kenako nkhope yake inagwa. Pepani, akutero, lero kachisi ndi wotseka mpaka masana, amonke ali pamwambo. Koma musadandaule, mng'ono wanga uyu ali ndi tuk-tuk, akuzungulitsani mzinda wonse ndi ma baht 20 okha.

Tuk-tuk ndi kanjinga ka matayala atatu ngati mabajaji athu aja. Ma baht 20 mzinda wonse! Ndinakwera ndisanamalize n'kuganiza komwe, ndikudziyamikira kuti mwana wa ku Ndirande sagona.

Mzinda wonsewo unali kachisi mmodzi wamng'ono wopanda munthu, kenako shopu ya telala. Woyendetsa anandichonderera ndi manja kuti ndilowe, ndingokhalamo mphindi khumi, eni shopu amupatsa kapepala ka mafuta. Ndinalowa. Mkati mozizira bwino, anandipatsa madzi, tepi yoyezera inayamba kuzungulira m'khosi, m'mapewa, m'chiuno. Telala anandiyala nsalu paphewa n'kunditcha bwana. Ine chibadwire sindinayesedwepo suti, ya paukwati wa achimwene inali yobwereka, ndiye ndinadzimva kukoma, mpaka ndinasankha mtundu wa mabatani. Atalemba mtengo pa kakyuleta n'kunditembenuzira, ndinapisa m'thumba n'kuyala ndalama zanga zonse pathebulo, makobidi omwe. Telala anayang'ana ndalamazo, anayang'ana ine, n'kupinda tepi yake pang'onopang'ono ngati munthu wochokera kumaliro. Madzi aja anawachotsa ndisanamalize. Nditatuluka panja, tuk-tuk kulibe.

Ndinabwerera ku Wat Pho wapansi, thukuta kamukamu, n'kupeza khomo lili pululu, anthu akulowa ndi kutuluka. Kachisi anali wotsegula chiyambire m'mawa. Mlonda anangoloza mawondo anga. M'kachisi salowa mawondo kapena mapewa ali pamtunda. Kunja kwa mpanda kunali mayi wogulitsa mathalauza opyapyala ojambulidwa njovu, amene azungu onse mumzindamo amavala ngati yunifolomu. Ma baht 100 anapita pamenepo, 200 ina pakhomo. Mtima unawawa, koma tikitiyo inabwera ndi kabotolo ka madzi aulere, ndiye ndinadzitonthoza kuti ndabwezako ya telala ija.

Koma abale, Buddha uja ndi woti munthu ukamuone. Kutalika kwake mamita 46, wagona chammbali, mutu watsamira padzanja, thupi lonse lonyezimira golide, ndipo nyumba imene alimo ikuoneka ngati yamuthina. Suungamuone yense nthawi imodzi, umangomuona zigawozigawo pakati pa zipilala. Kumapazi kwake anajambulako zizindikiro 108 ndi zigoba zonyezimira za m'nyanja. Kuseri kwa msana wake andandika mbale zamkuwa 108, ndipo anthu amagula kambale ka makobidi ndi ma baht 20 n'kumaponya limodzi m'mbale iliyonse. Nyumba yonse imangomveka ngwe, ngwe, ngwe, ngati mvula pamalata. Nanenso ndinagula. Vuto ndi loti manja anga anali a thukuta, makobidi amamatirirana, kwina amagwa awiri, kwina atatu. Ndisanafike kumapeto kambale kanali mbee, kumbuyo kwanga mzere wa anthu. Kubwerera sikukanatheka. Mbale zotsalazo ndinangoyendetsa dzanja pamwamba pake n'kumamaliza ndi pakamwa: ngwe, ngwe. Mwana wina wa Chijapani amene anali pambuyo panga anandiyang'ana mpaka pakhomo.

Pa doko la Tha Tien, pafupi pomwepo, panali kaboti kowolotsa mtsinje wa Chao Phraya ndi ma baht 5. Ndinawoloka, ndinaona nsanja ya kachisi wa Wat Arun yomatidwa tizidutswa ta mbale zadothi ndili kunja kwa mpanda, n'kubwerera. Kuona ndi maso salipiritsa. Nkhomaliro ndinadya pa kangolo ka m'mbali mwa msewu, mpunga ndi nkhuku yokazinga ndi masamba onunkhira, tsabola wake woti kambuzi angamugwadire. Mayi wophikayo ndi amene anandichitira chifundo. Nditapereka moni wanga uja, anadziloza yekha n'kunena "kha", kenako analoza ine n'kunena "khrap". Anabwereza katatu. Apo ndi pamene zinandilowa: "kha" amanena akazi, amuna amati "khrap". Tsiku lonse ndinali ndikuzungulira Bangkok ndi ndevu zangazi ndikupereka moni ngati azakhali. Ndinafufuta, ndinalemba zolondola patsamba lachiwiri, n'kudzilonjeza kuti kuyambira tsopano mawu alionse ndizifunsa kwa eni ake. Paja amati safunsa anadya phula.

Ndalama zotsala zinangokwana sitima yapansi panthaka kuchokera ku Sanam Chai kukatsikira ku Si Lom, pakhomo pa paki ya Lumphini. Pakiyi kulowa ndi ulere, ndipo madzulo imadzaza: othamanga, nkhalamba zotambasula manja pang'onopang'ono, gulu la amayi likudumphadumpha kutsatira nyimbo. Ndinakhala pa benchi pafupi ndi dziwe, nsapato ndavula, mphepo ikundipepesa. Kenako madzi anagwedezeka, n'kutuluka chinthu chimene poyamba ndinati ndi ng'ona. Inali ng'azi, koma osati tija timaona ku Shire tikuthawa tikangomva mapazi. Iyi inali yotalika ngati ine nditagona, lilime lili pyolipyoli, ikuyenda pakapinga monyada ngati ndiyo inalipira lendi. Anthu amangoilambalala osaiyang'ana n'komwe.

Pa benchi ina panali anyamata atatu a sukulu. Pokumbukira lonjezo langa, ndinapita n'kuloza nyamayo, ndikufunsa dzina lake. Anayang'anana. Mmodzi anati, "Hia." Anzakewo anagwa nazo n'kuseka. Ndinabwereza kuti ndimve bwino katchulidwe, iwo n'kumandiwongolera, wina mpaka misozi. Ndinalemba patsamba lachitatu ndi zilembo zikuluzikulu: HIA, ng'azi.

Itangokwana 6 koloko, wezulo inalira. Nyimbo ya amayi odumpha ija inazima. Zokuzira mawu za m'mitengo zinayamba nyimbo ina, ndipo paki yonse inangoti nji. Wothamanga anaima pomwe anali, wanjinga anatsika, anyamata aja anadzuka pa benchi manja ali m'mbali. Ine sindinkadziwa kuti ku Thailand nyimbo ya fuko imaimbidwa m'malo a anthu onse kawiri patsiku, 8 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo, ndipo aliyense amaima chilili. Ndinayang'ana uku ndi uku kufuna chimene chaopsa anthu. Ndipo ndinachiona. Ng'azi ina, yaikulu kuposa yoyamba ija, inali ikutuluka m'madzi kumbuyo kwa bambo wina wachikulire wa imvi mutu wonse, amene anaima chowongoka ataifulatira.

Nzeru zanga zinagwira ntchito mwachangu. Wezulo ndi chenjezo. Anthu aima chifukwa nyamayi ukathamanga imakuthamangitsa, ngati galu. Koma mdalayu sakuiona, ndipo palibe amene akumuuza. Kwathu sitilekerera wamkulu akulumidwa tikuona. Ndinaloza chala kumene kunali mdalayo n'kukuwa ndi mawu onse amene Mulungu anandipatsa:

"Hia! Hia! Bambo inu, hia!"

M'paki monse munali zii kupatula nyimbo ija ndi ine. Mitu yambirimbiri inatembenuka, matupi osasuntha. Mdalayo anandiyang'ana maso ali tong'o. Poona kuti sakusuntha, ndinawonjezera kawiri kena, kenako ndinati ntchito yanga ndagwira, n'kuliyatsa liwiro la mtondo wadooka, wopanda nsapato, njovu zikupepeluka m'miyendo. Munthu yekhayo wothamanga m'paki yonse ya Lumphini ndinali ine.

Nyimboyo ndi yaifupi, mwina mphindi imodzi. Itatha, aliyense anapitiriza zake ngati wina wasindikiza batani. Mlonda wa wezulo uja anandipeza kuseri kwa mtengo n'kundibweza, atandigwira pachigongono, kukafika pamaso pa mdala uja. Mwayi wanga, bamboyo ankalankhula Chingerezi chabwino. Anandifunsa modekha kuti andilakwira chiyani. Ndinatulutsa kabuku n'kumuonetsa tsamba lachitatu, ndikuloza ng'azi imene panthawiyo inali itagona pakapinga, yosalabadira za munthu. Anawerenga, anayang'ana benchi ya anyamata aja, yomwe inali itatsala yokha, n'kupumira m'mwamba.

Anandifotokozera kuti dzinalo ndi loona, nyamayo ndi yomweyo, koma mawu amenewo ndi chitukwano chachikulu m'Chithai, chimene munthu sungamunenere mnzako n'kusiyana bwino. Anthu aulemu akafuna kutchula nyamayi amati "tua ngoen tua thong", kutanthauza ya siliva ndi golide, pothawa mawu omwewo. Ndiye ine, mlendo wovala njovu, ndinaloza munthu wa msinkhu wa agogo anga n'kumutukwana kasanu nyimbo ya fuko ili mkati. Ndinafunsa, koma phula ndinadyabe.

Nthaka ikanang'ambika ndikanalowa. Ndinaphatikiza manja, ndinawerama mpaka mutu kutsala pang'ono kugunda mawondo. Mlonda anandinong'oneza mawu opepesera, "kho thot". Ndinawatola msangamsanga, koma chifukwa cha mantha lilime linabwerera patsamba loyamba.

"Kho thot kha."

Mdala uja anayesa kudzigwira, koma zinakanika. Anaseka mpaka kukhala pansi pakapinga, mlonda naye wezulo inagwa pakamwa. Atapuma anandilembera yekha mawu aulemu aja m'kabuku, n'kundiloza kumene ndinasiya nsapato.

Ku Pratunam ndinabwerera wapansi. Azakhali ndinawapeza atakhala pa chisaka kuti zipi itsekeke.

"Chenji?"

Ndinawapatsa ma baht 13. Anawerenga kawiri, kenako anagwira nsalu ya thalauza langa n'kuifikisa ndi zala.

"Wagula zingati?"

"100, azakhali."

"Akubera. Pansipa pa dazeni ndi theka la mtengo umenewo. Mzinda wauona?"

Ndinati ndauona. Zina zonse ndinasunga mumtima.

Usiku tili mu takisi kupita ku bwalo la ndege la Suvarnabhumi, zisaka zili mpaka pamiyendo, azakhali anaona kabuku katuzuka m'thumba mwanga. Anakasolola, akuti aone ngati mwana wa achimwene waphunzirako kanthu. Anavala magalasi. Tsamba loyamba anadutsa, lachiwiri anadutsa. Ndinayesa kutambasula dzanja koma chisaka cha majinzi chinandipanikiza. Anaweramira kutsogolo, anagwira dalaivala paphewa kuti awamve bwino katchulidwe, n'kuwerenga mokweza zilembo zikuluzikulu zija.