Nsima ya ku Viscri

Amene anatilandira ku Viscri, mudzi wa ku Romania, ndi ng'ombe. Tinafika dzuwa litapendeka, ine ndi mnzanga wa ku Romania yemwe timagwira naye ntchito yosamalira okalamba ku Leicester, ndipo msewu wapakati pa mudziwo unali utadzaza ng'ombe zochokera kubusa. Mbusa anali kumbuyo kwenikweni, osakuwa, osaponya mwala. Ng'ombe iliyonse ikafika pageti la kwawo imapatuka yokha n'kuima kudikira kuti aitsegulire. Ine ndinakulira ku Dedza ndikuthamangitsana ndi mbuzi m'minda ya eni, ndiye ndinangoti kukamwa yasa.

Vuto linali lakuti galimoto yathu yahayala tinaiimika pageti la ng'ombe ina. Inafika, inatiyang'ana, n'kuyamba kukankha galasi lam'mbali ndi mphuno mpaka linapindika. Getilo litatseguka munatuluka agogo a mpango kumutu, akukalipa m'Chiromaniya. Mnzanga anapepesa, tinasuntha galimoto, ng'ombe inalowa. Agogo aja atandiona bwinobwino anafunsa kumene ndimachokera. Malawi sanaidziwe. Anafunsanso kuti kwathuko timadya chiyani, ndipo mnzanga atawauza kuti chimanga, anaomba m'manja n'kutikokera m'nyumba.

Abale anga, anthu awa amadya nsima. Amaitcha mămăligă. Ufa wake ndi wachikasu, wokhakhala kuposa mgaiwa, ndipo amathiramo mchere, chimene kwathu angakutumize nacho kwa ankhoswe. Anaphikira mumphika wachitsulo, n'kuikhuthulira yonse pathabwa, kenako anaidula ndi ulusi m'malo moomola ndi chipande. Ndiwo zake zinali tchizi cha mkaka wa nkhosa ndi mkaka wowawasa wolimba. Ndinayesa foloko kawiri, ndinalephera kudzinamiza. Ndinasamba m'manja, ndinatema mbamu, n'kuiumba monga mwa masiku onse. Agogo anaseka mpaka kupukuta misozi ndi mpango. Anatithirira kachasu wawo wa maplamu, țuică, yemwe amawotcha pakhosi chimodzimodzi wa kwathu. Ana awo atatu ali kunja, awiri ku Germany, mmodzi ku Italy. Zithunzi zawo zili pakhoma, pafupi ndi kalendala. Atandifunsa amene amatsegulira mayi anga geti madzulo, ndinayankha kuti kwathu kulibe geti, n'kupitiriza kudya.

M'mawa tinakwera kamtunda kupita kutchalitchi. N'choyera mbuu, n'chifukwa chake m'Chijeremani mudziwu amautcha Weißkirch, kutanthauza tchalitchi choyera. Ukachiona patali sungati ndi nyumba yopemphereramo. Ndi linga: khoma lochindikala, nsanja, timabowo toombererapo adani. Chinayamba ngati kachisi wamng'ono wa anthu otchedwa Székely, kenako m'zaka za m'ma 1100 kunabwera anthu olankhula Chijeremani, Asakisoni, omwe mafumu a ku Hungary, amene ankalamulira derali nthawi imeneyo, anawaitana kuti adzakhale kumalire. Nkhondo za Atatari ndi Aturuki zitawatopetsa, cha m'ma 1500 anamanga mpanda kuzungulira tchalitchicho kuti mudzi wonse uzithawiramo. Makolo athu pothawa Angoni ankakwera mapiri. Awa anasankha kudzitsekera pamodzi ndi guwa.

Chimene chinandisangalatsa kuposa zonse ndi nsanja ya nyama. Banja lililonse linkapachika mafuta a nkhumba oumika ndi mchere munsanja imodzi, popeza mumazizira, ndipo ankatsegula Lamlungu lokha kuti aliyense adule ya mlungu wonse. Podula ankadindapo chizindikiro cha banja kuti wina akabako zidziwike. Anthu opemphera limodzi, koma pa nyama panalibe chibale.

M'katimo ndi mwa Chilutera, mopanda zokongoletsa zambiri. Mabenchi ndi amatabwa akale olira ukakhalapo, ndipo ankakhala motsata msinkhu, amuna kwaokha, akazi kwaokha. Masitepe okwerera nsanja yaikulu ndi opapatiza, amdima, odutsa m'kati mwa khoma lenilenilo. Amene muli ndi mawondo ovuta musadzikakamize. Pamwamba mumaona madenga ofiira atandandalika m'mbali mwa msewu, nyumba iliyonse ndi geti lake lalitali.

Eni ake a tchalitchichi anapita. Ulamuliro wa Ceaușescu, mtsogoleri wa Romania, utagwa mu December 1989, Asakisoni ambiri anasamukira ku Germany, otsala n'ochepa kwambiri. Lero m'nyumbazo mumakhala Aromaniya ndi Aroma, mtundu wa anthu omwe ena amawatcha ma Gypsy. Mu 1999 UNESCO, nthambi ya United Nations yoona za chikhalidwe, inaika Viscri pamndandanda wa malo ofunika kusungidwa, pamodzi ndi midzi ina ya matchalitchi otere monga Prejmer ndi Saschiz. Mu 2006 Charles, yemwe tsopano ndi mfumu ya Britain, anagula nyumba m'mudzimu. Ndiye pofika masana mumadzaza alendo ojambula geti lililonse, ena kusuzumira m'mabwalo a eni ngati kumalo osungirako nyama. Zinandinyansa, ngakhale inenso foni inali m'manja.

Mukafuna kupitako, gonani komweko, chifukwa ng'ombe zimadutsa m'mamawa ndi madzulo, alendo a masana atachoka. Tapirani ndalama zawo, ma lei, ku Rupea kapena ku Sighișoara musanalowe m'mudzi. Galimoto siyani pamalo oimikapo kumapeto kwa mudzi, osati mmene tinachitira ife. Za viza sindiyamba n'komwe, pasipoti yathu ija mukuidziwa.

Amayi a m'mudzimu amaluka masokosi a ubweya wa nkhosa n'kumagulitsa pamageti. Ndinagula peyala imodzi kwa agogo aja pa 40 lei, ndipo ya chakudya cha dzulo lake anakaniratu, mpaka kundimenya padzanja. Masokosiwo amayabwa koopsa, koma ndi amene ndimavala ndikakhala pa shifiti yausiku.