Nsomba zikaswana m'damu, mwini asafulumire kusekerera

Kwathu kuno kuswana kwa ziweto ndiye chuma. Mbuzi ikabereka mapasa mudzi wonse umamva, thadzi likaswa anapiye khumi mayi amayenda mapewa m'mwamba. Ndiye munthu wokula ndi maganizo amenewa akakumba damu la nsomba, n'kuona tiana tili yakaliyakali m'mphepete patangopita miyezi itatu, amangoti basi zatheka. Pa zonse zimene ndaphunzira chaka chino pa maphunziro anga a ulimi wa nsomba ku Bunda, chimene chanditengera nthawi kuti chikhazikike m'mutu n'chakuti m'damu nkhani ndi ina. Tiana timeneto nthawi zambiri ndi timene timadya phindu la mlimi.

Damu lililonse lili ndi malire a kulemera kwa nsomba zimene lingathe kudyetsa ndi kuzipatsa mpweya, ndipo malirewo sasuntha chifukwa choti mitu yachuluka. Tinene kuti madzi ako angasunge makilogalamu 60. Utha kukolola nsomba 400 za magalamu 150 imodzi, kapena nsomba 2,000 za magalamu 30. Pa sikelo n'chimodzimodzi, koma pamsika ayi. Zazikuluzo amalimbirana amayi a m'tauni ndi eni malesitilanti, pomwe ting'onoting'onoto umakatiunjika m'milu pambali pa ogulitsa usipa ndi matemba, n'kumakanganirana nawo mtengo.

Nsomba imene alimi ambiri amaweta m'Malawi muno ndi makumba, amene m'mabuku timawalemba kuti Oreochromis shiranus. Ubwino wake ndi wopirira: madzi akachepa, chakudya chikasowa, amakhalabe moyo. Koma m'damu amayamba kuswana akadali aang'ono, asanakwane n'chikhatho chomwe. Yaimuna imakumba kachisa kozungulira pansi pa damu, yaikazi imaikiramo mazira kenaka n'kuwatolera m'kamwa, ndipo imawafungatira momwemo mpaka ataswa. Masiku onsewo yaikaziyo sidya kwenikweni. Ikangolavula tianato siichedwa kuyambiranso. Choncho madeya amene mlimi akuthira poganiza kuti akunenepetsa nsomba, kwa zazikazi akuthera ku mazira, ndipo tiana tikakula pang'ono timayamba kulimbirana chakudya ndi makolo awo. Pofika mwezi wachisanu ndi chimodzi damu ladzaza, koma palibe yoti n'kuika pa mbale mlendo atabwera.

Zimenezi ndinaziona ndi maso kwa amalume, amene ali ndi damu m'dambo lina cha ku Mitundu, la mamita 20 mulitali ndi 10 mulifupi. Iwo ankanyadira kuti sanagulepo mbewu ya nsomba chiyambire, nsomba zimangodzichulukira zokha. Titakoka khoka kuti tione, linatuluka lolemera ndithu, ana a m'mudzi n'kumakuwa. Koma titakhuthulira m'beseni, zambiri zinali zotalika ngati chala, mitu ikuluikulu, maso otuluka, thupi lopyapyala. Ndinatola kamodzi n'kukatsegula kukamwa, mazira achikasu ali tho. Amalume anayang'ana kanthawi osayankhula, kenaka anati, "Iwe mphwanga, kamwana aka kali ndi ana kale?" Ndinati, "Amalume, si kamwana ayi, n'kankhalamba kopinimbira."

Apa pali msampha wina umene alangizi a za nsomba amaudandaula kwambiri. Mlimi watsopano akafuna mbewu amapita kwa mnzake wa damu lakale, amagula tinsomba ting'onoting'ono motchipa, iye n'kumati wagula ana. Chonsecho tina mwa timeneto ndi nkhalamba zopinimbira ngati ya kwa amalume ija, zinanso n'zobadwa pachibale kwa zaka zambiri. Uzidyetse bwanji, sizikula. N'chifukwa chake amati mbewu izichokera kumalo oswetsera nsomba odziwika, monga ku National Aquaculture Centre ku Domasi, m'boma la Zomba, ku Bunda konkuno, kapena kwa alimi oswetsa mbewu amene a Dipatimenti ya za Nsomba akuwadziwa. Imadulirapo, inde, ndipo mayendedwe nawo amadya ndalama. Komabe ine ndikuona kuti kuumira pa mbewu ndi kuumira pamalo polakwika, chifukwa madeya a miyezi isanu ndi umodzi adzapita m'mimba mwa nsomba yomweyo.

Njira yothetsera kuswanaku imene ndaikonda ndi yoweta zazimuna zokhazokha. Zazimuna zimakula msanga kuposa zazikazi, ndipo popanda zazikazi palibe tiana. Malo ena oswetsera amagulitsa mbewu yotere, imene amaikonza podyetsa tiana tongoswedwa kumene chakudya chosakaniza ndi mankhwala otisandutsa tatimuna kwa milungu itatu kapena inayi. Koma mlimi wamba athanso kusankha ndi manja nsomba zikafika magalamu 30 kapena kuposerapo. Umaigwira chagada, dzanja lili lonyowa, n'kuyang'ana kumunsi kwa mimba pafupi ndi chipsepse: yaimuna ili ndi mabowo awiri, yaikazi atatu, ndipo lachitatulo limaoneka ngati kamzere kopingasa. Kunena n'kosavuta. Nsombayo ikuphiriphitha, dzuwa likukuthobwa m'maso, msana ukuwawa, ndipo zazikazi zochepa zokha zikakupulumuka ntchito yonse yabwerera m'mbuyo. Amalume, amene maso awo ayamba kuchita chidima, anangoseka n'kuti, "Imeneyo ndi ntchito ya inu a sukulu."

Ena amaikamo milamba yochepa kuti izidya tiana. Zimathandiza, bola mlambawo ulowe mochedwerapo ndipo ukhale wocheperapo msinkhu, apo ayi umayamba ndi mbewu imene unagula ija. Chilunguni ndi nkhani inanso: icho sichifungatira m'kamwa, chimaikira mazira pansi n'kumawalondera, ndipo chimadya masamba, moti wokhala ndi dimba amachiponyera masamba a mbatata, a chinangwa kapena bonongwe. Chambo chenicheni cha mtundu wa karongae sichifulumira kuswana ngati makumba ndipo mtengo wake ndi wabwino, kungoti mbewu yake ndi yovuta kupeza.

M'kalasi timakangana kawirikawiri za nsomba zakunja. Anzathu a ku Zambia amaweta Nile tilapia, imene imakula msanga, ndipo nsomba zambiri zimene zimagulitsidwa m'misika ya mu Lilongwe ngati chambo zimachokera komweko. Kuno malamulo salola kuiweta, poopa kuti ikathawira m'mitsinje idzakafika ku nyanja ya Malawi n'kusokoneza chambo chathu, pajatu n'zapachibale ndipo zitha kukwerana. Alipo anzanga amene amati lamuloli likutibwezera m'mbuyo. Ine ndili mbali ya lamulo. Madamu athu ambiri ali m'madambo, mvula ya Januwale ikakwiya amasefukira, ndipo madzi a kuno amatsikira mumtsinje wa Lilongwe, kulowa mu Linthipe mpaka kunyanja ku Salima. Nsomba ikalowa m'nyanja palibe angakaitulutsemo.

Za kuchuluka kwa mbewu, chimene taphunzira ndi nsomba zitatu mpaka zisanu pa sikweya mita, kutengera mmene mlimi angadyetsere. Damu la amalume ndi masikweya mita 200, ndiye kuti nsomba 600 ngati akudalira manyowa ndi madeya, kapena 1,000 ngati angakwanitse chakudya chogula. Tsiku loika mbewu lili ndi mwambo wake. Umanyamula m'mamawa kusanatenthe, ndipo ukafika sukhuthula thumba nthawi yomweyo. Umaliyandamitsa pamadzi mphindi 15 kapena 20 kuti kutentha kwa madzi a m'thumba kufanane ndi kwa m'damu, kenaka umalimasula n'kumalowetsamo madzi pang'onopang'ono mpaka tinsombato titatuluka tokha. Damulo likhale loti linaphwetsedwa, linauma mpaka pansi kung'aluka, linawazidwa laimu, ndipo paipi yolowetsa madzi ili ndi sefa. Ukasiya kachithaphwi pakona, makumba akale amabisala momwemo n'kudzayambiranso mtundu wawo.

Gawo limene landisangalatsa koposa ndi la madzi. Kale ndikaona damu lobiriwira ndinkati mwini wake ndi waulesi. Kubiriwirako ndiye chakudya: ndi tizomera tosaoneka ndi maso timene makumba amasefa tsiku lonse. Timamera ukathira manyowa, makamaka zitosi za nkhuku, ndipo manyowawo samwazidwa paliponse, amaikidwa m'kakhola ka timitengo pakona kapena m'thumba lomira m'madzi kuti azisungunuka pang'onopang'ono. Poyeza sipafunika chida. Umapinda malaya, n'kulowetsa mkono m'madzi chikhatho chili chotambasula. Chikhatho chikazimirira madzi atafika cha m'chigongono, zili bwino. Ukamachionabe mkono wonse utamira, damu lili ndi njala, onjezera manyowa. Chikasowa madzi asanapitirire pamfundo ya dzanja, wawonjeza, leka kuthira ndipo lowetsa madzi atsopano.

Kuopsa kwa kuwonjezako kumaoneka m'bandakucha. Masana tizomera tija timatulutsa mpweya wa okosijeni, koma usiku timamugwiritsa ntchito limodzi ndi nsomba komanso manyowa amene akuwola pansi. Pofika kum'mawa mpweya umakhala utatsikiratu, makamaka kukakhala kwa mitambo masiku otsatizana. Ukafika padamu dzuwa lisanatuluke n'kupeza nsomba zili pamwamba, kukamwa kuli yasa yasa, usaganize kuti zikupempha chakudya. Zikubanika. Tsiku limenelo osadyetsa, osathira manyowa, koma kutsegula madzi. Mlamba wokha ndiye sutekeseka, poti umatha kupuma mpweya wa kunja. Apanso tiana tija timabweramo, chifukwa kamwa lililonse lowonjezera likupuma mpweya womwewo.

Kudyetsa nako kumafuna masamu, osati kungotapa ndi mbale. Pakatha milungu iwiri kapena mwezi umakoka nsomba zochepa n'kuziyeza. Ngati nsomba 30 zalemera kilogalamu imodzi ndi theka, ndiye kuti imodzi ndi magalamu 50, ndipo zonse 600 ndi makilogalamu 30. Pa mlingo wa 3 peresenti ya kulemera kwake, chakudya cha tsiku ndi magalamu 900, kugawa kawiri, cham'mawa dzuwa litakwera ndi chakumasana, pamalo amodzimodzi. Koma taonani, masamu onsewa aima pa nambala ija ya 600. Nsomba zikaswana sudziwanso kuti ukudyetsa zingati, ndipo kope lako la malekodi limasanduka bodza. Madeya okha ndi ochepa mphamvu yomanga thupi, n'chifukwa chake timasakaniza ndi soya wokazinga ndi kugaya. Wosakazinga ayi, ali ndi zinthu zimene zimalepheretsa chakudya kugayika bwino m'mimba.

Mlimi wa ku Lilongwe ali ndi vuto limene wa ku Salima kapena ku Chikwawa salidziwa kwenikweni, ndilo kuzizira. Tili pamalo okwera mamita oposa 1,000, ndipo nsomba za mtundu wa chambo zimakula bwino madzi akafunda madigiri 25 mpaka 30. Akatsika pansi pa 20 zimachepetsa kudya, kukula n'kuima. Mu Juni ndi Julayi chakudya chimene ukuthira chimangomira n'kukawola. Nyengo yozizira yomweyi ndi imenenso matenda a zilonda za nsomba otchedwa EUS amakonda. Anapezeka koyamba m'dziko muno mu 2020 ku Mchinji, pafupi pomwepa, ndipo amayenda ndi madzi a m'mitsinje, makoka obwerekana ndi mbewu yosadziwika kochokera. Damu lozamirapo, lofika mita imodzi ndi theka kumbali yakuya, limasunga kutentha kusiyana ndi losaya, komanso limavutitsa akakowa ndi anantchengwa amene amavuula nsomba ataimirira m'madzi. Katumbu ndi ng'azi ndiye amafuna mpanda ndi kutchetcha udzu m'mbali. Wakuba wa miyendo iwiri amafuna damu likhale poti ukutha kuliona uli pakhonde.

Amalume sanavomere zonse. Akuti damu lopanda tiana ndi damu logona, ndiponso azakhali anazolowera kukatapa tinsomba ta ndiwo akasowa chothira pa nsima, zimene ine sindingazitsutse pakuti ndadyako nawo. Tagwirizana kuti likafika dzinja lino damu lakalelo likhale momwemo la ndiwo, koma azipungula tiana mwezi ndi mwezi. Kumunsi kwake tikumba lina, limene tidzaikemo zazimuna zokhazokha 600 kukangoyamba kufunda mu Seputembala, ngati kasupe wa m'dambomo angapirire mpaka mvula, kuti tidzakolole chisanu chisanabwerere. Iwo akuti ndalama ya mbewu atulutsa akagulitsa mtedza, koma khasu ndi sikelo n'zanga.